Dzenje la Chingwe: mbiri yopanda caka

Pa Facebook pamayenda mavidiyo a madzi otumphuka m'thanthwe m'mphepete mwa nyanja yamcere, alendo ali kukuwa atanyowa. Si matsenga. Mafunde amakumba phanga pansi pa thanthwe mpaka denga libooke. Funde lalikulu likalowa limapanikiza mpweya, ndipo madzi amathawira kumwamba ngati paipi yaphulika. Limodzi mwa maenje ochuka otere lili ku Kiama, ku Australia. Mabuku amati George Bass analiona mu 1797. Eni dziko, amene analimva likubangula kwa mibadwomibadwo, amabwera pambuyo m'nkhaniyo.

Ife ku Zambia nyanja yamcere tilibe, koma dzenje lokopa alendo lilipo kwa anansi athu ku Malawi. Kucoka ku Lundazi mudzera ku Chipata, mudutsa malire pa Mwami, Lilongwe, mpaka ku Zomba, tauni imene inali likulu la dzikolo kufikira 1975. Mukagona kumeneko, m'mawa mupeza anyamata otsogolera alendo amene amakweza anthu paphiri la Zomba, lotalika kuposa mamita 2,000, n'kubwera nawo madzulo.

Ulendowo uli ndi malo ake oimapo. Pa Queen's View adzakuuzani za mayi wa Mfumukazi Elizabeth, amene anafika ku Nyasaland mu 1957. Pa Emperor's View mudzamva za Haile Selassie wa ku Ethiopia ndi ulendo wake wa mu 1965. Dzina lilipo, caka cilipo. Anthu awiriwa anangoima n'kuyang'ana cigwa, basi, koma mbiri inawasunga.

Ndiyeno mufika ku Chingwe's Hole, cakumadzulo kwa phirilo. Madzi satumphuka pano. Ndi dzenje lakuda pakati pa mitengo, ndipo mlendo amaponyamo mwala n'kuchera khutu. Apa mawu a wotsogolera amatsika. Wina akuti mafumu anali kuponyamo adani awo. Wina akuti anali kuponyamo akhate ndi amisala. Wina akuwonjezera kuti dzenjelo lilibe pothera, mafupa anali kukatulukira kucigwa ca Shire. Mfumu yake iti? Caka citi? Nkhaniyo siichula, ndipo woponyedwa ngakhale mmodzi alibe dzina.

Anyamatawo siniwadzudzula. Nkhani yoopsa ndiyo imatsegula cikwama ca mlendo, ndipo munthu afunika kudya. Cimene cimaniwawa n'cakuti akhate asanduka ndiwo zokometsera ulendo, pamene mbiri yawo yeniyeni ilipo. Khate linali kucotsa munthu pamudzi. Amishoni anamanga midzi ya odwala ku Malamulo, ku Mua, ku Utale, komanso kwathu kuno ku Mwami, ndipo ena anakalamba kumeneko osabwerera kwa abale. Zinthu zinasintha kwambiri bungwe la WHO litavomereza mu 1981 mankhwala ophatikiza amene amaciza matendawa. Masiku ano wodwala amamwa mapilisi ali panyumba pake. Izi mlendo pa dzenje lija sazimva, cifukwa sizicititsa nthumanzi.

Tisaseke a ku Zomba. Kucoka pa msika wa Lundazi ndi mtunda waufupi kukafika ku Castle, nyumba ija yooneka ngati ya mafumu a ku Ulaya. Aliyense wopitako amauzidwa kuti anaimanga ndi Errol Button, bwana DC, kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Anaimanga yekha? Panali oumba njerwa, otema nkhuni zoocera uvuni, otunga madzi, onyamula mcenga pamutu. Anali anthu a kuno, ndipo n'kutheka kuti adzukulu awo ndiwo amatigulitsa nshawa ndi kapenta mumsika.

Ngati ambuye anu anagwirako nchito pa Castle, kapena anakhalako ku mudzi wa akhate ku Mwami, afunseni akali ndi moyo. Jambulani mawu awo pa foni, lembani dzina, mudzi ndi caka, mubwere nazo ku wailesi.