Anamapopa

Anamapopa (akakhala mmodzi amati namapopa) ndi dzina limene anthu ku Malawi amatchulira anthu owaganizira kuti amayenda usiku n'kumapopa magazi a anzawo amene ali m'tulo. Dzinali linachokera ku mneni woti kupopa, ndipo ena amangoti opopa magazi. Palibe umboni wa kuchipatala wosonyeza kuti anamapopa alikodi, komabe mphekesera zonena za iwo zaphetsa anthu osalakwa kangapo konse. Achinyamata okonda mabuku ndi mafilimu akunja amawafanizira ndi mavampaya, ngakhale kuti ziwirizi n'zosiyana.

Zimene anthu amakhulupirira

Malinga ndi mphekeserazi, namapopa ndi munthu wamoyo amene watumidwa ndi anthu achuma kapena akuluakulu ena. Akuti amayamba wapopera mankhwala ofooketsa m'nyumba kudzera pazenera kapena padenga, kenako amakoka magazi ndi jakisoni kapena timapaipi. Ena amati akafuna kugwidwa amazimiririka kapena kusanduka galu kapena mphaka. Magaziwo akuti amakagulitsidwa kunja kapena amagwiritsidwa ntchito pokhwimira chuma. Nthawi zambiri oganiziridwa amakhala alendo, anthu oyenda pa galimoto yachilendo, azaumoyo, ogwira ntchito m'mabungwe othandiza anthu, ngakhalenso mafumu amene anthu akuti akubisa opopawo.

Mbiri

Mphekesera zotere zinamveka kale m'nthawi ya atsamunda. Ku Northern Rhodesia, komwe lero ndi Zambia, ankati banyama. Kum'mawa kwa Africa ankati mumiani kapena wazimamoto, ndipo ku Mozambique amati chupa-sangue. Katswiri wa mbiri yakale Luise White anafotokoza nkhanizi m'buku lake la Speaking with Vampires la mu 2000.

Pakati pa 1968 ndi 1970 anthu ambiri anaphedwa usiku m'nyumba zawo ku Chilobwe ndi madera ena a mzinda wa Blantyre. Kunamveka manong'onong'o akuti boma la Dr Hastings Kamuzu Banda likutumiza magazi a ophedwawo ku South Africa pobweza ngongole. Pamapeto pake khoti linapeza Walla Laini Kawisa wolakwa pa ina mwa milanduyo.

Kumapeto kwa 2002, dziko lili pa njala, mphekesera zinabukanso ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Blantyre, zoti boma likusinthanitsa magazi ndi chakudya chathandizo. Pulezidenti Bakili Muluzi anatsutsa zimenezi. Mu Januwale 2003 gulu la anthu linagenda ndi kuvulaza Eric Chiwaya, yemwe anali gavanala wa chipani cha UDF ku Blantyre, pomuganizira kuti akusunga anamapopa.

Mu Seputembala 2017 nkhaniyi inayambiranso ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu, Nsanje ndi Blantyre. Anthu ankagona panja m'magulu, ndipo anyamata ankatseka misewu n'kumasecha galimoto. Anthu osachepera 9 anaphedwa. Mu Okutobala bungwe la United Nations linachotsa ogwira ntchito ake ku Mulanje ndi Phalombe, ndipo apolisi anamanga anthu oposa 140 pa milandu yokhudza ziwawazo. Pulezidenti Peter Mutharika anayendera ena mwa maderawa, pomwe bungwe la madokotala la Society of Medical Doctors linati silinapeze wodwala aliyense amene anapopedwa magazi. Mu 2020 mphekeserazi zinafika m'chigawo chapakati ndi chakumpoto, kuphatikizapo maboma a Mzimba, Chitipa ndi Karonga, ndipo anthu ena anaphedwanso.

Chifukwa chake mphekesera zimafala

Ofufuza aona kuti mphekeserazi zimakonda kubuka m'nthawi ya njala, umphawi wadzaoneni kapena mkangano wa ndale, pamene anthu sakukhulupirira atsogoleri awo. Munthu wofooka ndi malungo kapena wochepa magazi chifukwa chosowa zakudya akhoza kuganiza kuti wapopedwa, makamaka ngati mudzi wonse ukugona ndi mantha. Zotsatira zake zimagwera anthu wamba omwewo, chifukwa azaumoyo amaopa kulowa m'midzi ndipo ntchito zothandiza anthu zimaima.

Mavampaya a m'mabuku

Vampaya wa m'nthano za kum'mawa kwa Ulaya ndi munthu wakufa amene amadzuka kumanda usiku n'kumayamwa magazi a amoyo. M'mabuku a Chingerezi anatchuka kudzera mu The Vampyre ya John Polidori (1819), Carmilla ya Sheridan Le Fanu (1872) ndi Dracula ya Bram Stoker (1897). M'mabuku amenewa vampaya ndi chinthu choopsa.

Mabuku olembera achinyamata anasintha chithunzichi. L. J. Smith anayamba kutulutsa The Vampire Diaries mu 1991, ndipo sewero lake la pa kanema linaonetsedwa kuyambira 2009 mpaka 2017. Stephenie Meyer anatulutsa Twilight mu 2005, nkhani ya mtsikana wa zaka 17, Bella Swan, amene akukondana ndi vampaya wotchedwa Edward Cullen m'tauni ya Forks ku America. Kenako kunabwera New Moon (2006), Eclipse (2007) ndi Breaking Dawn (2008), ndipo filimu yoyamba inatuluka mu 2008. Richelle Mead naye anayamba Vampire Academy mu 2007. Owerenga amakopeka ndi nkhani za chikondi choletsedwa, kudziletsa, kusunga chinsinsi ndi kudzimva wosiyana ndi anzako kusukulu.

Kusiyana kwake

Vampaya amaluma ndi mano ndipo amamwa magaziwo yekha kuti apitirize kukhalapo. Namapopa akuti amagwiritsa ntchito zipangizo zonga za kuchipatala ndipo magazi amakapereka kwa amene anamutuma. Wowerenga Twilight amadziwa kuti akuwerenga nkhani yopeka ndipo amasangalala ndi mantha akewo. Mphekesera za anamapopa zimanenedwa ngati zoona, ndipo zimaloza chala munthu weniweni. Kupha kapena kuvulaza munthu pomuganizira kuti ndi namapopa ndi mlandu pa malamulo a Malawi.