Kusowa tulo ndi kubanika kutulo (COMISA)

Matenda awiri ogwira munthu limodzi. Wodwala amavutika kupeza tulo mausiku atatu kapena kuposerapo pa sabata kwa miyezi itatu. Akagona amaliza mkonono, kukhosi kumatsekeka, mpweya n'kuima masekondi 10 kapena kupitirira, mpaka kudzidzimuka akupumira m'mwamba. Kunenepa, mowa ndi kugona chagada zimakulitsa kubanikaku.

Masana amadwala mutu, amaiwalaiwala ndiponso amasinza. Ku Utale, m'boma la Balaka, mlimi wa thonje wotere amalephera kulawirira kumunda dzuwa lisanatenthe, ndipo wakabaza angachite ngozi. Chithandizo ndi uphungu wa kagonedwe komanso makina othandiza kupuma a CPAP. Mapiritsi ena ogonetsa amawonjezera kubanika.