Kuchira, Kuchiza ndi Kutalikitsa Moyo: Mbiri ya Mawu a Zaumoyo m'Nyuzipepala ndi Vuto la "Stem Cell"

1.0 Mawu Oyamba

Nyuzipepala ikamalemba nkhani imasankha mawu, ndipo mawuwo amauza woŵerenga dengu loti aikemo nkhaniyo: kodi ndi yoopsa, yodabwitsa, kapena yochititsa manyazi? Robert Entman adalongosola khalidweli mu 1993. Cholinga cha pepala lino ndi kulondola mbiri ya madengu otereŵa m'Chicheŵa kuyambira 1985, ndi kuonetsa chifukwa chake nkhani za kafukufuku wa stem cell zimasokonekera zikafika m'malo ngati Mtandire, mu mzinda wa Lilongwe, kumene nkhani yolembedwa m'Chingerezi imafika kwa ambiri itadutsa pakamwa pa womasulira: mtolankhani wa pa wailesi, mphunzitsi, kapena mnyamata woŵerengera anzake pamsika.

2.0 Nyengo Yozungulira Mawu (1985–1994)

Wodwala Edzi woyamba m'Malaŵi adapezeka mu 1985. Masiku amenewo Daily Times ndi Malawi News zidali m'manja mwa Dr Kamuzu Banda, ndipo lamulo la 1968 lounika zofalitsa lidali pa mphamvu. Nkhani zogonana sizinkalembedwa poyera. Pamene nyuzi zidakhala chete, anthu adadzipangira mawu awo: kaliwondewonde, magawagawa, matenda a boma. Francis Moto adasanthula ena mwa mawu otereŵa mu 2004.

Liwu limene lidakhazikika m'zolembedwa ndi "kachirombo". Lidathandiza, pakuti lidapatsa matendaŵa thupi. Koma lili ndi chilema: kachirombo ndi dzinanso la kanthu kouluka kapena kokwaŵa, koti munthu angathe kukachotsa, kukatsuka kapena kukasanza. Ganizo limeneli lidakonzera njira nyengo yotsatira.

3.0 Nyengo ya Zozizwitsa (1995)

Itatha referendamu ya 1993, nyuzipepala zidachuluka ndipo zidayamba kupikisana. Mu 1995 Billy Goodson Chisupe wa m'mudzi wa Chikamana ku Machinga adalengeza kuti adalota mtengo wochiza Edzi. M'miyezi yoŵerengeka anthu zikwi mazana adapita kukamwa mankhwala ake. Dzina limene lidawanda ndi "mchape", kuchokera ku mneni -chapa, ndipo lidakumbutsa anthu za gulu lochotsa ufiti la zaka za m'ma 1930. Peter Probst ndi Matthew Schoffeleers adalemba za nkhaniyi mu 1999.

Kwa ife a zinenero, phunziro lake ndi ili: dzina limodzi lidasenza nkhani yonse. Matenda adakhala litsiro, mankhwala adakhala madzi ochapira, ndipo funso lakuti umboni uli kuti lidasoŵa pokhala.

4.0 Nyengo Yotalikitsa Moyo (kuyambira 2004)

Mu 2004 zipatala za boma zidayamba kupereka ma ARV kwaulere. Apa padafunika mawu osanama, ndipo adapezeka: "mankhwala otalikitsa moyo". Mawuŵa adamveka pa wailesi ndi m'masamba a Chicheŵa monga Tikambe ndi Tamvani. Ubwino wake ndi wakuti sadagwiritse mneni -chiza. Adalonjeza zimene mankhwalawo amachita, osaonjezapo. Ichi ndi chimodzi mwa zipambano zenizeni za kakonzedwe ka mawu m'dziko muno.

5.0 Stem Cell Afika

M'maiko a azungu nkhani ya stem cell idalembedwa ngati mkangano. James Thomson wa ku Wisconsin atakwanitsa kulera maselo otereŵa ochokera ku mluza wa munthu mu 1998, ndiponso Pulezidenti George W. Bush atachepetsa thandizo la boma pa kafukufukuyu mu Ogasiti 2001, nyuzi za ku America zidaika nkhaniyi pakati pa chiyembekezo cha odwala ndi chikumbumtima cha opembedza. Mkanganowo udazirala pang'ono Shinya Yamanaka atapeza njira yobwezera maselo a munthu wamkulu ku ubwana wake mu 2007.

Kwathu kuno nkhaniyi idaloŵera khomo lina, la Edzi. Mu 2007, ku Berlin, Timothy Ray Brown, amene adali ndi HIV komanso khansa ya m'magazi, adalandira maselo opanga magazi a munthu wina wokhala ndi chibadwa chotchedwa CCR5-delta 32, chimene chimatsekereza kachirombo kuloŵa m'maselo. HIV sidaonekenso mwa iye mpaka adamwalira ndi khansayo mu 2020. Mu 2019 zofananazo zidalengezedwa za wodwala wa ku London. Koma chithandizochi chidaperekedwa chifukwa cha khansa, chimapha ena mwa ochilandira, ndipo chibadwacho chimapezeka makamaka mwa anthu ochepa a kumpoto kwa Ulaya.

Taonani ziganizo izi, zimene tazipeka kuti zikhale zitsanzo:

(1) Munthu wachira Edzi ku London.
(2) Madokotala achiza Edzi.
(3) Mankhwala a Edzi apezeka.

Chiganizo (1) chili ndi mneni wosayambukira -chira, ndipo chikunena za munthu mmodzi, ndi choona. Mu (2) mneni wochititsa -chiza watenga "Edzi" kukhala pamtherankhani, munthu uja wasoŵa, ndipo zikumveka ngati matenda onse agonja. Mu (3) mwaloŵa "mankhwala", liwu limene limatanthauza piritsi, muzu, chithumwa ngakhale poizoni. Woŵerenga wayamba kale kufunsa kogula. Masitepe atatu okha atichotsa ku London kutifikitsa ku Chikamana. Mayi wa ku Mtandire amene amakatenga ma ARV ku Bwaila akamva (3) ali ndi chifukwa chofookera pa mankhwala ake, kapena choperekera ndalama za nyumba kwa wogulitsa mabotolo olembedwa "stem cell".

6.0 Dzina Lenilenilo

Nanga maseloŵa tiŵatche chiyani? Kumasulira liwu ndi liwu kumatipatsa "maselo a tsinde". Wa galamala angakondwe nalo, pakuti monga tsinde la mneni limalandira aphatikiri nkubala mawu ambiri, selo lotere limabala maselo a mitundu ingapo. Koma mlimi amva za mtengo, ndipo mtengo umatibwezera kwa sing'anga. Ife tikuganiza kuti "maselo obala maselo ena" ndi mawu otalikirapo koma osasocheretsa. Palinso kusankha pakati pa "mluza" ndi "mwana wosabadwa": liwu lachiŵirili limagamula mlandu woŵerenga asanaumve.

7.0 Mathero

Chichewa Board idakhazikitsidwa mu 1972 ndipo idathera mphamvu zambiri pa kalembedwe. Centre for Language Studies idatenga ntchitoyo mu 1996. Mbiri imene talondolayi ikuonetsa kuti mawu a zaumoyo amakhazikika msanga, akatswiri asanakhale pansi, ndipo akakhazikika sazuka. Choncho tikupempha kuti okonza chinenero akhale pamodzi ndi akonzi a nyuzi ndi madokotala, agwirizane pa mawu ochepa, makamaka pa kusiyanitsa -chira, -chiza ndi -yesa, nkhani ina yochokera ku Berlin kapena ku London isanafike.