Chitseko Chitsekedwe Kaye

Lolemba lapitali achemwali anga anandituma kuti ndikakweze mwana wawo minibasi ya sukulu, poti iwo anali atagonera kumaliro. Mwanayo ali mu Sitandade 2 pa sukulu ina ya pulaiveti mbali ya ku Limbe. Tinaima pamsewu kuno ku Makata nthawi isanakwane 6 koloko, kachisanu kochokera m'phiri la Ndirande kakutilowa m'mafupa. Minibasi itafika ndinasuzumira mkati n'kuyamba kuwerenga mitu. Nditafika pa 19 ndinasiya, chifukwa ena anali pamiyendo pa anzawo ndipo zikwama zinawaphimba.

Mwana anakwera, galimoto inanyamuka, ine n'kutsala ndili chiimire ndikuganiza za amalume anga omwe anatisiya zaka zapitazo. Iwo anayendetsa basi mumzinda uno zaka zoposa makumi awiri. Akanaona zimene ndinaonazo akanangoti, "Chitseko chija chatsekedwa galimoto ikuyenda kale."

Achinyamata ambiri amene mumawerenga tsambali munabadwa minibasi italanda kale msewu, ndiye mwina mumaganiza kuti Blantyre wakhala chonchi kuyambira kale. Ayi ndithu. Mabasi akuluakulu anayamba ndi kampani ya Nyasaland Transport Company m'chaka cha 1947, nthawi ya atsamunda. Titalandira ufulu dzina linasintha n'kukhala United Transport Malawi, imene agogo anu amangoti UTM (osati chipani chija, chonde). M'chaka cha 1989 kampani ya ku Scotland yotchedwa Stagecoach, ya Brian Souter ndi mlongo wake Ann Gloag, inagula UTM. Mabasi anapakidwa utoto woyera wokhala ndi mizere yofiira, yabuluu ndi ya olenji. Oyenda maulendo ataliatali anali ndi mayina awo, Coachline, Expressline, koma athu a m'tauni anali Cityline. Ena mwa iwo anali osanja, akale ndithu, ochokera ku Hong Kong. Ife ana tinkalimbirana kukhala pamwamba, mpando wakutsogolo penipeni, kwinaku tikuopsezana kuti pamwambapo palibe dalaivala.

Ife a ku Makata mabasiwa tinkawaona ngati athu, chifukwa galaja yawo inali konkuno, pakati pa mafakitale. Ukadzuka m'mamawa unkakumana ndi chigulu cha anthu chikutsika ku Ndirande wapansi, ena kwa David Whitehead kukaluka nsalu, ena ku Carlsberg, imene inatsegulidwa mu 1968. M'gulu limenelo munalinso madalaivala ndi makondakitala atavala yunifolomu yosita bwino. Amalume anali m'modzi mwa iwo.

Koma ndinene mosabisa: basi ya sukulu yeniyeni ife sitinakhale nayo. Inali ya ana a sukulu zodula, imene tinkangoiona ikudutsa mawindo ali otseka. Mwana wa ku Ndirande basi yake inali mapazi. Amene makolo awo anawapezera malo ku sukulu za kutali ankakwera Cityline pamodzi ndi akuluakulu opita kuntchito, akulipira hafu. Ndiye malamulo amene ankateteza mwana wa sukulu masiku amenewo sanali a ana okha. Anali malamulo a basi iliyonse, ndipo ine ndinawaphunzira pakhonde, amalume akupukuta nsapato zawo madzulo.

Ankati dalaivala sayamba ndi kiyi. Ayamba ndi kuzungulira basi yonse wapansi, kumenya matayala, kuyang'ana pansi ngati pagwera mafuta, kuyesa magetsi ndi mabuleki. Chimene chavuta ankachilemba, ndipo makaniko akati basi iyi siituluka, inali yosatuluka. Basi inkaima pa siteji pokha. Mwaikirani dzanja pakati panjira, mungakhale ndinu abale ake, ankangokudutsani. Kondakitala akapanda kupereka chizindikiro, dalaivala sankanyamuka. Panalinso ma inisipekitala amene ankakwera mosayembekezereka, ndipo malipiro ankabwera pakutha pa mwezi, kaya wanyamula anthu ambiri kaya ochepa. Mfundo yomalizayi ndili mwana sindinkaiona ngati nkhani ya chitetezo. Pano ndimaona kuti ndiyo inkagwira zina zonsezo. Munthu wa pamwezi alibe chifukwa chothamangira kukalanda pasinjala wa mnzake.

Za ana anali ndi malamulo awoawo, osalembedwa paliponse. "Mphwanga," ankatero, "mwana akatsika basi saona galimoto, amaona kwawo." Ndiye akatsitsa ana ankadikira kaye, akuwawerenga pagalasi lam'mbali mpaka onse atatalikira. Ankadana kwambiri ndi mwana wodutsa kutsogolo kwa basi, chifukwa pamene dalaivala wakhala, kamwana kafupi kali pafupi ndi bampala sikaoneka konse. Tsiku lina anandikweza pampando wawo basi itaima, iwo n'kukanjuta kutsogolo. Sindinawaone. Anadzuka akuseka, koma ine ndinachita mantha mpaka lero ndimakumbukira.

Sindikunena kuti kale zonse zinali bwino. Cityline inkachedwa, inkadzaza mpaka anthu kuimirira mothinana, ndipo pa ulendo wa mpira kapena wa kwaya sukulu zathu zinkabwereka lole. Tinkakwera kumbuyo, ena atakhala m'mphepete miyendo ili lendelende, tikuimba mpaka mawu kutha. Aphunzitsi ankangoti gwirani zolimba. Tinapulumuka mwa chisomo chabe.

Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1990, ndipo zinatembenukira pamodzi. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linayambitsa maphunziro aulere a pulaimale, ana olembetsa n'kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Ine ndinali Sitandade 5. Ndikukumbuka makalasi a pansi pa mtengo, ndi anzathu atsopano ena atayamba kale ndevu. Makolo amene anali ndi kangachepe anayamba kuchotsa ana awo m'chipwirikitimo n'kuwapititsa ku sukulu za pulaiveti, zimene zinamera ngati bowa. Sukulu ya mwana inasiya kukhala imene ili pafupi ndi nyumba. Nthawi yomweyo msika wa mayendedwe unatseguka, minibasi zogwiritsidwa kale ntchito ku Japan zinadzaza misewu. Stagecoach inachoka mu 1997, mabasi ake n'kudzakhala Shire Bus Lines, imenenso inadzatha patapita zaka pafupifupi khumi. Ndiye panthawi imene ana ambiri anayamba kufuna galimoto kuti akafike ku sukulu, basi yaikulu ya m'tauni inali ikufa.

Chodabwitsa n'chakuti malamulo a papepala sanachepe. Lamulo la zapamsewu limene tikugwiritsa ntchito, Road Traffic Act, ndi la 1997 yomweyo. Galimoto yonyamula anthu imafunika COF yosonyeza kuti ili bwino, inshulansi, ndi dalaivala wokhala ndi chilolezo chonyamulira anthu. Chimene chinasowa ndi munthu woima pageti m'mamawa n'kunena kuti iyi siituluka. Mwini minibasi ankafuna ndalama yake ya patsiku, dalaivala ndi kondakitala n'kudya zotsala. Ntchito ya makaniko, ya inisipekitala ndi ya bwana yonse inagwera pa chikumbumtima cha munthu m'modzi wogwira chiwongolero, amenenso ali ndi lendi yoti alipire.

Ine ndinalowa m'dziko limeneli mu 1998, nditasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera kutsidya lina la tauni. Mwana wa yunifolomu pa siteji anali ngati ntchentche pa nsima. Oitanira ankatikankhira kumbali: "Ana a sukulu dikirani kaye, akwere anthu." Eti ife sitinali anthu. Ikatsala pang'ono kudzaza ndiye ankatilola, awiri pa malo a munthu m'modzi, kapena pa kachitsulo kotentha kakumbuyo kwa dalaivala, titapenyana ndi mapasinjala, mawondo akugundana. Mipando inali ya anayi anayi, ndipo kondakitala ankayenda theka la thupi lili panja.

Ndili Folomu 2, tsiku lina masana tikuchokera ku sukulu, ndinatsika pa siteji yathu mnzanga ali pambuyo panga. Mwendo wake umodzi uli pansi, wina uli mkati, dalaivala anaona minibasi ina ikubwera kumbuyo kudzamulanda anthu a pa siteji yotsatira. Anaponda moto. Lamba wa chikwama cha mnzangayo anakola pa chitsulo cha chitseko, ndipo anakokedwa pa phula kamtunda ndithu amayi ena asanakuwe. Sanafe, sanathyoke, koma khungu la m'mawondo ndi m'chigongono linatsala pamsewu. Kondakitala anamuponyera chikwama chake n'kunena kuti, "Ukutsika ngati uli pakhonde la kwanu bwanji?" Anapita.

Madzulo ndinawafotokozera amalume, amene panthawiyo anali atapuma ntchito. Ndinkayembekeza kuti atukwana. Anangofunsa funso limodzi: "Anayang'ana pagalasi?" Ndinati kaya, galasi lam'mbalilo linali lomangidwa ndi mphira, lopenya kumwamba. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati mawa lake ndiyambe kutsika pomalizira, anthu onse atatsika, ndipo chikwama ndizichigwira kumanja.

Boma linayesako. Mu 2006, nthawi ya Bingu wa Mutharika, oitanira analetsedwa, ngakhale aliyense wodutsa pa msika wa Ndirande akudziwa mmene chiletsocho chinathera. Kunabweranso lamulo la atatu atatu pa mpando. Nthawi ya Covid, sukulu zitatsekedwa pa 23 March 2020, tinaonanso awiri awiri, ndipo kwa miyezi ingapo tinadziwa kuti minibasi ikhoza kukhala ndi mpweya. Koma malamulo onsewa amawerenga matupi a akuluakulu. Pa ana, masamu ake amasintha: mwana ndi theka, ndiye mpando wa atatu ukwana asanu kapena asanu ndi m'modzi. Wina aliyense amadziwa, ndipo tonse timayang'ana kumbali chifukwa mtengo wa pamwezi ukakwera ndife tomwe tidzalire.

Basi yachikasu imene mumaiona m'mafilimu a ku America nayonso sinagwe kumwamba. Mu 1939 mphunzitsi wina wa pa Columbia University, Frank Cyr, anasonkhanitsa akuluakulu a maphunziro ndi opanga galimoto ku New York, n'kugwirizana za kapangidwe ka basi ya ana, kuphatikizapo mtundu wachikasu uja, umene umaoneka msanga m'mamawa ndi madzulo. Miyezi ingapo izi zisanachitike, pa 1 December 1938, sitima ya katundu inaomba basi ya sukulu ku Utah kunja kuli chipale chofewa, ana oposa 20 n'kufa. Kuchokera pa ngozi ngati imeneyo kunakhazikika lamulo loti dalaivala wa basi ya ana akafika pa njanji aime, atsegule chitseko ndi windo, amvetsere, kenaka adutse. Basi ikamatsitsa ana kumeneko imayatsa magetsi ofiira ndi kutulutsa chikwangwani cha STOP, ndipo galimoto za kumbuyo zimaima. Ndi zomwe zija amalume ankachita ndi galasi lawo, kungoti kumeneko anazilemba n'kuzipatsa mano.

Pafupi ndi kwathu kuno, pa 6 May 2017, basi ya sukulu ya Lucky Vincent ya ku Arusha inagwera m'chigwa ku Karatu, m'dziko la Tanzania, ana 32 n'kufa pamodzi ndi aphunzitsi awiri ndi dalaivala. Ku Kenya, pofika 2018, boma linalamula kuti mabasi onse a sukulu apakidwe chikasu. Utoto pawokha sugwira mabuleki, zoona, koma umathandiza wapolisi ndi woyendetsa galimoto wina kudziwa kuti umu muli ana. Chimene chimandiwawa powerenga mbiri imeneyi n'chakuti pafupifupi lamulo lililonse lili ndi manda kumbuyo kwake.

Lero ku Makata m'mawa muli mitundu yonse. Coaster ya sukulu yolembedwa dzina m'mbali, minibasi yotopa imene inapuma pa msewu wa Ndirande n'kupeza ntchito ya ana, Sienta yodzaza mpaka ku buti, ndi kabaza wa njinga yamoto atanyamula ana atatu, wamng'ono ali pa thanki, onse opanda chipewa. Makolo amalumikizana ndi dalaivala pa gulu la WhatsApp, ndipo uthenga umene umachuluka m'menemo ndi wakuti mwachedwa. Sindinaonepo wina akufunsa za matayala.

Lachiwiri ndinapitanso pamsewu, ngakhale achemwali anali atabwera. Minibasi itaima ndinapita kuwindo kwa dalaivala, bambo wa imvi za apo ndi apo.

"Mwadzuka bwanji, achimwene? Ine ndi malume ake a mwanayu."

"Tadzuka, kaya inu bwana. Pali vuto?"

Ndinati vuto palibe, ndimangofuna kuona nawo COF pagalasipo. Anandiyang'ana ngati ndine wa trafiki, kenaka analoza. Inali isanathe. Ndinafunsa kuti mumakhala ana angati, iwo anati zimatengera tsiku. Ndinafunsa ngati pali wamkulu wokhala ndi ana kumbuyo, anati analipo mnyamata koma ndalama yake inkachokera m'thumba mwawo, ndiye pano chitseko amatsegula ndi kutseka ndi mtsikana wa Sitandade 7.

"Makolo mutawonjezera pang'ono, ndingachepetse ana, mnyamatanso abwerere," anatero. "Koma ndikangotchula, mawa theka asamukira kwa wa Sienta."

Ndinalibe choyankha, chifukwa ndikudziwa mmene achemwali amavutikira kuti fizi ikwane. Ndinangowapempha chinthu chimodzi, kuti asamanyamuke chitseko chisanatsekeke, ndipo akamutsitsa mwanayu azidikira afike kaye kutsidya la ngalande. Anati zimenezo n'zosavuta. Mtsikana wa Sitandade 7 uja anakoka chitseko ndi manja awiri, chinakana, anakokanso, chinatseka. Bambo aja anayang'ana pagalasi, kaya chifukwa ine ndinali pomwepo, n'kulowa mumsewu wopita ku Ginnery Corner.

Ndalemba uthenga woti ndiike pa gulu la makolo lija, wofunsa ngati tingasonkhe ya mnyamata wa pachitseko. Achemwali akuti ndidikire kaye mwezi uthe, anthu alandire.