Chiwongoladzanja ku Lichinga: Kuchokera ku Minyanga Kufika ku Metical

Tauni ya Lichinga isanamangidwe, ngongole inalipo kale m'mapiri a Niassa. Amalonda a Chiyao, monga a kwa Mataka ku Mwembe, ankalandira nsalu ndi mikanda kuchokera kwa eni chuma a kugombe la Kilwa, n'kudzabweza ndi minyanga ya njovu, mwinanso akapolo, ulendo ukatha. Phindu la wobwereketsa linkabisala mu mtengo wa katunduyo, ndipo nthawi ankaiyeza ndi maulendo. Ulendo ukachedwa mpaka dzinja lina, phindu lomwe lija linkakhala la zaka ziwiri m'malo mwa chimodzi. Nkhani yonse ya chiwongoladzanja yagona pomwepa: ndalama zabala zingati, m'nthawi yotalika bwanji.

Ulamuliro wa Companhia do Niassa utatha mu 1929, Apwitikizi anakhazikitsa tauniyi mu 1931 naitcha Vila Cabral. Ndalama inali escudo, yotulutsidwa ndi Banco Nacional Ultramarino, koma mlimi wamba sankaponda m'banki. Ngongole yake ankaitenga kwa mwini kantini, kubweza ndi chimanga kapena nyemba pokolola, pa mtengo wonenedwa ndi mwini kantiniyo. Njanji yochokera ku Nacala inafika mu 1969.

Ufulu wa 1975 unabweretsa dzina loti Lichinga komanso banki yaikulu, Banco de Moçambique. Boma linatenga mabanki ambiri, ndipo kusunga ndalama za anthu kunapatsidwa kwa Banco Popular de Desenvolvimento. Pa 16 Juni 1980 metical inalowa m'malo mwa escudo. Chiwongoladzanja chinkaikidwa ndi boma, chotsika ndithu, pomwe nkhondo yapachiweniweni inatseka misewu ndipo katundu anasowa. Mu 1987, ndondomeko yokonzanso chuma itayamba, mitengo inakwera kuposa kawiri m'chaka chimodzi. Wosunga kubanki anaona manambala akukula m'kabuku kake, koma matumba a chimanga amene akanagula akuchepa. N'chifukwa chake ambiri anaika chuma chawo mu mbuzi, njinga ndi malata, ndipo sanalakwitse.

Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, mabanki omwe si aboma anachuluka, ndipo kuyerekeza chiwongoladzanja cha mabanki kunayamba kukhala ndi tanthauzo. Pamapepala a banki pamalembedwa taxa nominal, chiwongoladzanja chongotchulidwa, ndi taxa efectiva, chimene munthu amapezadi pachaka. Ziwirizi zimasiyana chifukwa phindu likaphatikizidwa ku ndalama zoyamba, nalonso limayamba kubala. Banki ikalonjeza 24 peresenti pachaka, koma n'kumaonjezera 2 peresenti mwezi uliwonse, munthu achulukitse 1.02 ndi 1.02 mpaka kakhumi ndi kawiri, n'kuchotsapo 1: apeza pafupifupi 26.8 peresenti. Banki ina ikamaonjezera 6 peresenti pakatha miyezi itatu iliyonse, pachaka pamatuluka 26.2 peresenti. Yachitatu ikalonjeza 25 peresenti koma yolipira kamodzi chaka chikatha, imaoneka yopambana pachikwangwani, chonsecho ndiyo yotsalira pa zitatuzi. Wosunga meticais 100,000 angapeze phindu la pafupifupi 26,800, 26,200 kapena 25,000, msonkho usanachotsedwe. Masamu omwewa ndiwo amayerekezera Bilhetes do Tesouro, ngongole za boma za masiku 91, 182 ndi 364.

Pa 1 Julayi 2006 meticais 1,000 akale anasanduka metical imodzi yatsopano. Patatha zaka khumi, ngongole zobisika za boma zitaululika mu 2016, ndalama inagwa ndipo mitengo inakwera ndi pafupifupi 25 peresenti. Wolandira 20 peresenti chaka chimenecho anataya: 1.20 kugawa ndi 1.25 ndi 0.96, kutanthauza kuti mphamvu yake yogulira inachepa ndi 4 peresenti. Chaka chomwecho Nosso Banco inatsekedwa, ndipo anthu anaona kuti chiwongoladzanja chokwera sichitsimikizira kuti ndalama zibwerera. Mu Epulo 2017 banki yaikulu inayambitsa muyeso wotchedwa MIMO, pa 21.75 peresenti, umene mabanki amayang'anako poika mitengo yawo.

Komabe ndalama zambiri za amayi ogulitsa nyemba, mbatatesi ndi usipa wa ku Metangula sizidutsa kubanki. Zimazungulira mu xitique, chomwe ku Malawi amati chipereganyu: aliyense amasonkha, mmodzi n'kutenga zonse, popanda chiwongoladzanja. Asilamu, omwe ndi ochuluka pakati pa Ayao, amachipeza choyenera poti chipembedzo chawo chimaletsa riba, ndiye kuti chiwongoladzanja. Ngakhale apo nthawi ili ndi mtengo, pakuti wolandira poyamba wakongola mwaulere, pomwe womaliza wasungira anzake mitengo ikukwera.

Magulu osunga ndi kubwereketsa, ofanana ndi banki m'khonde, ndi osiyana. Gulu likamakongoza pa 10 peresenti pamwezi, nambalayo imamveka yaing'ono, koma ngongole ikamakonzedwanso mwezi ndi mwezi osabweza kanthu, pachaka imafika pafupifupi 214 peresenti. Wosonkha salandira zonsezo. Ndalama zina zimagona m'bokosi popanda wozikongola, zina zinasonkhedwa mochedwa n'kubala miyezi iwiri yokha, ndipo ngongole imodzi yosabwezedwa imadya phindu la onse pa tsiku logawana.