Tiyi wa Ufa: Mwambo Umene China Idasiya, Japan Idasunga

Ife tidazolowera kuti tiyi ndi masamba ouma amene timawathira madzi owira, n'kuikamo shuga ndi mkaka ukapezeka. Koma ku China, kwawo kwa chomerachi, padapita zaka mazana ambiri kamwedwe kameneka kasanafale. Tiyi wobiriwira, wakuda ndi wa oolong onse amachokera ku chomera chimodzi. Amasiyana pa kakonzedwe ka tsamba likathyoledwa. Mbiri ya tiyi kwenikweni ndi mbiri ya kakonzedweko.

Mu ulamuliro wa mafumu a Tang (618–907), masamba ankawafewetsa ndi nthunzi, kuwasinja ndi kuwaumba timikate touma. Wofuna kumwa ankawamba kamkateko pamoto, kukapera, n'kuwiritsa ufawo mumphika ndi kamchere pang'ono. Cha m'ma 760, Lu Yu adalemba Chajing, buku loyamba lonena za tiyi, ndipo m'menemo adadzudzula anthu amene ankasakaniza tiyi ndi anyezi, jinja ndi makoko a malalanje.

Pofika nthawi ya mafumu a Song (960–1279), zowiritsa mumphika zidatha mphamvu. Tiyi ankamupera mpaka kukhala ufa wosalala, kumuika m'kambale, kuthira madzi otentha ndi kutakasa ndi katsache ka nsungwi kufikira thovu litakwera. Anthu ankapikisana kuti aone thovu la ndani likhalitse, ndipo mfumu Huizong idalemba buku lake la tiyi mu 1107. Komabe timikate tapamwamba timene tinkapita ku nyumba yachifumu kuchokera ku Fujian tinkatha thukuta la alimi ambiri.

Mu 1391, Zhu Yuanzhang, woyambitsa ufumu wa Ming amene adakulira mu umphawi wa kumudzi, adalamula kuti tiyi wa msonkho asamaumbidwenso timikate, koma azibwera ali masamba. Lamulo lopepuza alimili lidasintha kamwedwe ka dziko lonse. Anthu adayamba kunyika masamba m'madzi otentha, timiphika tadothi ta ku Yixing tidatchuka, ndipo luso lotakasa ufa lidaiwalika pang'onopang'ono. Asilamu a mtundu wa Hui ku Ningxia ndi Gansu amatsata njira yonyikayi mwa mtundu wawo: mlendo amamulandira ndi kapu yokhala ndi chivindikiro, momwe muli tiyi, zipatso zouma, chitowe ndi shuga wa miyala.

Pamene China inkasiya tiyi wa ufa, n'kuti iye atawoloka kale nyanja. Eisai, mphunzitsi wa Chibuda wa ku Japan, adabwerera kwawo kuchokera ku China mu 1191 atatenga mbewu ya tiyi ndi kamwedwe ka nthawi ya Song. Mu 1211 adalemba buku loyamikira tiyi ngati mankhwala. Minda ya ku Uji, pafupi ndi Kyoto, idakhala chimake cha ufa wobiriwira umene lero umatchedwa matcha.

Amene adaupatsa mwambowu maonekedwe ake a lero ndi Sen no Rikyu (1522–1591). Pa nthawi imene akuluakulu a nkhondo ankanyadira ziwiya zamtengo wapatali, iye adasankha timbale tosakongoletsa ndi kachipinda kakang'ono ka khomo lalifupi, loti aliyense ankalowa chowerama, wankhondo atasiya lupanga panja. Ulemu wake udakula mpaka adasemphana ndi wolamulira Toyotomi Hideyoshi, amene mu 1591 adamulamula kuti adziphe. Mwambowo sudafe naye. Ana a mdzukulu wake adakhazikitsa nyumba zitatu zophunzitsa tiyi ku Kyoto, Omotesenke, Urasenke ndi Mushanokojisenke, ndipo zilipobe.

Japan nayo idadzalandira tiyi wa masamba, makamaka Nagatani Soen atakonza njira yopangira sencha mu 1738, ndipo ndiye amene mabanja ambiri amamwa tsiku ndi tsiku. Koma watsopanoyu sadathamangitse wakale. Lero tikafuna kuona chithunzi cha momwe anthu a ku China ankamwera tiyi zaka 800 zapitazo, tiyenera kuyang'ana ku Kyoto. Mabuku ofotokoza luso lotakasa ufa China idali nawo, koma chimene chidalisunga ndi mphunzitsi wokhala pansi ndi wophunzira, m'badwo ndi m'badwo.