Salimini ndi Mtanthauziramawu wa 1877

Mabuku ambiri akale onena za chiyankhulo chathu akhala akusungidwa m'nyumba zowerengeramo mabuku za kunja, kumene Amalawi ochepa okha ndiwo amafikako. Masiku ano ena mwa mabukuwo anajambulidwa tsamba ndi tsamba n'kuikidwa pa intaneti, kotero kuti mphunzitsi wa ku Dedza akhoza kuwawerenga pa kompyuta. Limodzi mwa iwo ndi *Dictionary of the Kiniassa Language*, losindikizidwa m'chaka cha 1877.

Amene analemba bukuli ndi Johannes Rebmann, mmishonale wa ku Germany yemwe ankakhala kufupi ndi Mombasa, ku Kenya. Iye sanapondepo dziko lino. Mawu onse anawatola cha m'ma 1853 ndi 1854 kuchokera kwa Salimini, munthu amene anagwidwa ukapolo kuno n'kukagulitsidwa ku gombe la nyanja ya mchere. Rebmann anamwalira mu 1876, ndipo mnzake Ludwig Krapf ndiye anakonza zolembazo kuti zisindikizidwe. Pachikuto pali mayina a Azungu awiriwa. La mwini mawu palibe.

Salimini ananena kuti kwawo kunali ku Mphande, malo amene akuganiziridwa kuti anali m'dera la Lilongwe. Anasiyanitsanso kayankhulidwe ka kwawo, ka anthu a kumtunda, ndi ka Amaravi okhala chakummwera. Mwachitsanzo, mtengo umene iye ankautcha kamphoni, Amaravi ankautcha mombo. Uwu ndi umboni wakuti kusiyana kwa mawu malinga ndi madera n'kwakale, kunalipo amishoni asanafike ku Blantyre ndi ku Livingstonia.

Komabe wowerenga ayenera kusamala. Rebmann ankamva Chichewa ndi khutu la Chijeremani, atazolowera kale Chiswahili. N'chifukwa chake dzina la chiyankhulo analiyamba ndi *ki-* m'malo mwa *chi-*, ndipo kawirikawiri ankalemba *d* pamene ife timalemba *t*, monga *mdunda* m'malo mwa *mtunda*. Wosadziwa zimenezi akhoza kuyesa liwu lodziwika bwino ngati lachilendo, kapenanso kulowetsa cholakwa cha mlembi m'buku la ana a sukulu. Njira yabwino ndiyo kuyerekeza liwu lililonse ndi mtanthauziramawu wa Chimang'anja wa David Clement Scott wa 1892, ndi uja anakonzanso Alexander Hetherwick mu 1929, kenaka n'kukafunsa akuluakulu kumudzi, pakuti mawu a akulu amakoma akagonera.

Phindu la ntchitoyi kwa alembi, akonzi ndi aphunzitsi n'loonekeratu. Nthawi zambiri liwu limabwerekedwa ku Chingerezi pamene la makolo lilipo, koma linangoiwalika. Asanapeke kapena kubwereka liwu, opanga mawu atsopano ayenera kuyamba afufuza m'mabuku amenewa. Ndipo potchula buku la 1877, n'koyenera kutchulanso Salimini, amene anasunga chiyankhulo chake ali mu ukapolo kutali ndi kwawo.